Diso la bambo likumazima mphindi zochepa n'kubwerera, ndi BP kapena ng'ala?

MwanaWaKuBawi
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Bambo anga ali ndi zaka 64, amakhala kumudzi ku Ntcheu, ine ndili ku Lilongwe. Lamlungu akuchokera kutchalitchi diso lakumanzere linangozima. Akuti zinali ngati wina watsitsa katani kuchokera kumwamba, mdima bii, koma lakumanja likuona bwinobwino. Silinapweteke, silinafiire, ngakhale misozi ayi. Anakhala pansi m'mbali mwa njira, patapita mphindi ngati zisanu kuwala kunabwerera. Dzulo zachitikanso ali kudimba akuthirira tomato, diso lomwelo. Amayi ndi amene andiimbira mobisa, eni akewo akuti si nkhani, ndi dzuwa ndi njala basi. Ali ndi BP koma mankhwala amamwa pokhapokha mutu ukawapweteka. Fodya wopichira okha anayamba ine ndisanabadwe. Mlongo wanga akuti tiwagulire magalasi. Ine ndimaganiza zodzapita nawo kuchipatala cha maso mwezi ukatha ndikalandira. Alipo amene zinamuchitikirapo?

Kabaza_Area25
Imeneyo ndi BP achemwali, yakwera. Amwe mankhwala awo, achepetse mchere, zisiya zokha.

NachisaleDZ
Agogo anga ng'ala inawayamba chonchi. Ankati akuona ngati utsi. Tinapita nawo ku Nkhoma anakawapala, pano akulowetsa okha ulusi pa singano. Musade nkhawa kwambiri.

Optom_BT
Ayi mayi Nachisale, ng'ala sibwera n'kuchoka. Imakula pang'onopang'ono, miyezi ngakhale zaka, ndipo utsiwo ukabwera suchoka mpaka opaleshoni. Magalasinso apa palibe chomwe angathandize, mlongo wanuyo asunge ndalama zake. Ife tikamva kuti diso limodzi lazima mphindi zisanu n'kubwerera, timaganiza za magazi.

WaJoni88
Ine ndingofunsa chabe. Dimbalo analipeza bwanji? Palibe mkangano wa malire? Chifukwa zinthu zobwera n'kuchoka zokha, ife okulira kumudzi timazidziwa.

MaiAwiriKawale
Wayambatu uyu kkkk. Iwe ngakhale munthu atapunthwa pa chitsa uti ndi malire a munda.

WaJoni88
Sekani, koma kuchipatala akakapima akapeza diso lili bwino. Ndiye mudzati chiyani?

ClinicianWaBoma
Achemwali, musadikire kutha kwa mwezi. Ndine clinical officer, odwala BP ndi shuga ndimakhala nawo tsiku lililonse. Bambo anu sindinawaone, choncho zimene ndilembe pano sizikulowa m'malo mowapima, koma zimene mwafotokozazi ndi zodziwika bwino. Diso limodzi, kuzima mwadzidzidzi, osapweteka, n'kubwerera pakapita mphindi zochepa. M'mabuku amati amaurosis fugax.

A WaJoni akunena zoona pa chinthu chimodzi: n'kutheka kuti akapima diso akalipeza lili bwino. Chifukwa chake n'chakuti vuto nthawi zambiri silikhala m'disomo. Kumbuyo kwa diso, mkati, kuli kachiwalo kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Magazi odyetsa retina amachokera mu mtsempha waukulu wa m'khosi wotchedwa carotid, uja mumaumva ukugunda mukagwira pambali pa kholingo. Mtsempha umenewu ukalowa m'mutu umatulutsa nthambi yopita kudiso, wotsalawo n'kupitirira ku ubongo. Kwa munthu wa BP, wosuta, wa shuga kapena wachikulire, mkati mwa mtsemphawu mumamatirira mafuta, amaumamo, njira n'kuchepa. Kachidutswa ka mafutawo kapena ka magazi oundana kakanyotsoka, kamayenda ndi magazi n'kukatseka kamtsempha ka retina. Diso limazima. Kakasweka kapena kusuntha, magazi amadutsanso, munthu n'kuyambanso kuona. Nthawi zina kachidutswako kamachokera mu mtima, makamaka ngati mtimawo ukugunda mosalongosoka kapena mavavu ake, tizitseko ta mkati mwa mtima, anawonongeka.

Choopsa chili apa: komwe kwachokera kachidutswako kudakali tina. Lero kalowera njira ya kudiso, mawa kena kalowera njira ya ku ubongo, ndiye sitiroko imeneyo. Masiku oopsa kwambiri ndi oyambirirawa, makamaka awiri oyamba mpaka sabata. Bambo anu zawachitikira kawiri m'sabata imodzi, ali ndi BP yosamwera mankhwala, ndipo amasuta. Ine akanakhala bambo anga ndikanakhala ndili pamsewu.

MwanaWaKuBawi
Mwandiopsatu adokotala. Ndiye ndinyamuke usiku uno? Amayi akuti panopa ali bwinobwino, adya nsima, akumvera wailesi.

ClinicianWaBoma
Ngati mayendedwe alipo usiku uno, apite usiku uno, asachite kudikira inu. Ngati palibe, m'bandakucha. Koma amayi muwauze izi tsopano lino: akaona pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo walemera kapena wachita dzanzi, mawu akutuluka ngati munthu woledzera, kapena diso lazima osabwerera, asadikire kuti kuche. Apeze njinga yamoto kapena galimoto ya wina aliyense. Mbali imene muyang'anitsitse ndi yakumanja. Mtsempha wa m'khosi wakumanzere umadyetsa diso lakumanzere ndi ubongo wakumanzere, ndipo ubongo wakumanzere umalamulira mkono ndi mwendo wakumanja komanso kulankhula.

Mukafika musangonena kuti "diso likuvuta", adzakulozerani pamzere wa odwala maso n'kukupatsani mankhwala odontheza. Munene motere: diso limodzi linazima kwathunthu kawiri, mphindi zisanu, ali ndi BP, amasuta. Mutenge kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene ali nawo m'nyumba, ngakhale azitsamba. Ayezedwe BP, shuga, amvedwe kagundidwe ka mtima, ngati ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima, ilipo apangidwe, ndipo wowapimayo aike chomvera chija pakhosi.

AnganiWaMchesi
Koma anthu a chipatala mumakonda kuopseza. Ine zimenezi zimandichitikira kuyambira ndili ku sekondale. Ndimaona timizere tonyezimira tokhotakhota, mbali ina n'kusiya kuoneka, pakapita mphindi 20 kapena 30 zimatha, kenako mutu. Ndili ndi zaka 41 sitiroko sindinaione. Musamuthamangitse mwana wa eni ndi ndalama zangongole.

NesiWaKuLeeds
Angani, zanuzo zikumveka ngati mutu waching'alang'ala, ndipo n'zosiyana ndi za bambowa. Zanu zimayambira mu ubongo, n'chifukwa chake pamakhala kunyezimira, zimayenda pang'onopang'ono, ndipo zimakhala m'maso onse awiri ngakhale munthu amaganiza kuti ndi limodzi. Zikadzachitikanso mudzatseke diso limodzi ndi dzanja, kenako linalo. Mudzapeza timizereto tili konsekonse. Za bambowa ndi mdima, osati kuwala, ndi diso limodzi lenileni, zayamba ali ndi zaka 64, ndipo mutu palibe. Munthu amene wayamba zoterezi atakula sitithamangira kunena kuti ndi ching'alang'ala.

Kuno ku UK munthu wotere amatengedwa ngati wadwala TIA, sitiroko yaing'ono ija imatha yokha. Malangizo ake amati aonedwe ndi katswiri pasanathe maola 24, ndipo saloledwa kuyendetsa galimoto kwa mwezi umodzi. Amamupanga sikani ya mitsempha ya m'khosi, ndipo akapeza kuti wambali imeneyo watsekeka kwambiri, makamaka kuyambira 70 peresenti kupita m'mwamba, amapanga opaleshoni yochotsa mafutawo, kawirikawiri pasanathe masabata awiri. Sindikunena izi kuti ndizitame kuno, mizere kunonso ilipo. Ndikungoonetsa kuti amene ali ndi zipangizo zonse sazitenga mopepuka.

AnganiWaMchesi
Chabwino anesi, zotseka diso limodzizo ndidzayesa. Koma opaleshoni ya pakhosiyo ku Ntcheu akaipeza kuti?

NesiWaKuLeeds
Si onse amafunika opaleshoni. Ambiri ndi mankhwala: kutsitsa BP, asipulini kapena mnzake, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, ndi kusiya fodya. Zimenezi kumudzi n'zotheka.

Kabaza_Area25
Ndiye ine ndinalakwa pati? Ndinati ndi BP.

MaiAwiriKawale
Unalakwa poti "zisiya zokha".

MphunzitsiWopuma
Ndilankhuleko ana anga, chifukwa zimenezi zinadutsa m'nyumba mwanga. Malemu mkulu wanga anali munthu wamphamvu, wopalasa njinga ndi matumba awiri a chimanga. Tsiku lina tili pamaliro anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti diso lakumanja lachita mdima. Ndinamuuza kuti ndi tulo, poti tinali titachezera. Tisanamalize nyimbo anati zatha, tinaseka. Patapita masiku angapo anapita pa chipatala china chaching'ono, dzina sinditchula. Anamuwerengetsa zilembo za pakhoma zija, anawerenga mpaka mzere wapansi, anamupatsa mankhwala odontheza n'kumuuza kuti ndi fumbi. BP sanamuyeze n'komwe. Sabata yotsatira mlamu wanga anamupeza kubafa atagwa, mkono ndi mwendo wakumanzere zitafa. Anakhala zaka zitatu pa mkeka, wochita kumutembenuza, wochita kumusambitsa, munthu amene sankafuna ngakhale kumunyamulira khasu. Ana awiri anasiya sukulu. Anthu anayamba kuloza zala mayi wina wachikulire wa m'mudzimo, mpaka nkhani inafika kwa amfumu. Mayi uja analibe mlandu uliwonse. Lero ndikawerenga zimene alemba adokotalawa, diso lakumanja, ziwalo zakumanzere, ndikuona kuti zonse zinali poyera.

Mwana wanga wa ku Bawi, ngongole imabwezedwa. Kongola upite.

WaJoni88
Pepani aphunzitsi. Ine sindinati asapite kuchipatala. Ndimati ayang'ane mbali zonse.

MaiBusaWaChilomoni
Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Tikuwapempherera bambowo usiku uno, koma mawa akwere galimoto.

ChipsChaPaChigwiri
Funso kwa adokotala. Bwanji osangowagulira asipulini pa golosale ayambe kumwa lero? Ndi wotchipa ndipo ali paliponse.

ClinicianWaBoma
Asipulini ndi amene mwina akapatsidwe, koma ndingakonde awapime kaye, poti n'kutheka mawa lomwe. Sindikudziwa ngati ali ndi zilonda zam'mimba, ngati amamwa Brufen kapena Indocid wa msana monga amachitira alimi ambiri, kapena ngati BP ili pa 200. Pa zonsezi asipulini akhoza kuyambitsa kutaya magazi. Komanso akapezeka kuti vuto ndi mtima wogunda mosalongosoka, uja timati atrial fibrillation, asipulini sakwanira, pamafunika mankhwala amphamvu oletsa magazi kuundana monga warfarin, ndipo amenewo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Vuto lina la asipulini wa pa golosale n'lakuti munthu akamwa amati wathana nazo, kuchipatala osapitanso.

MlimiWaFodya_KU
Ine ndimadana ndi zoti chilichonse mlandu ukhale wa fodya. Agogo anga anasuta chingambwe mpaka zaka 90, mano okha ndi amene anatha.

Optom_BT
Ndipo anzawo amene ankasuta nawo ali kuti? Timawerenga amene anatsala, amene anapita ali ndi zaka 55 sabwera pagulu kudzachitira umboni.

MlimiWaFodya_KU
Kkkk koma inu. Fodya yemweyo ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zogulira mankhwala anuwo.

MaiAwiriKawale
Limani, gulitsani ku okushoni, koma musasute. Wogulitsa mankhwala a makoswe sawalawa.

NdirandeBoy
Nkhani ya mankhwala a BP tiinene moona. Madala ambiri amasiya chifukwa amati amafooketsa m'nyumba. Ndiye amangoti "ndimamwa mutu ukandipweteka", chifukwa chenichenicho sanganene kwa mwana wawo wamkazi.

MwanaWaKuBawi
Iiii achimwene, zimenezo ine sindingawafunse bambo anga, ndi malaulo kkkk.

ClinicianWaBoma
Simukuyenera kuwafunsa inu. Mukalowa nawo, mukafotokoze zanu kenako mutuluke muwasiye ndi wowapimayo. NdirandeBoy sakunama, dandaulo limeneli ndimalimva, ndipo mankhwala ena monga HCTZ ndi atenolol amatha kuchitadi zimenezo kwa ena. Koma alipo ena osinthira, ndipo BP yosamwera mankhwala pamodzi ndi fodya zimawononga mitsempha ya kumeneko komwe. Enanso amasiya HCTZ chifukwa chokodza pafupipafupi, ena amlodipine chifukwa chotupa mapazi. Zonsezo n'zokambirana. Chimene anthu samvetsa n'chakuti BP simveka m'thupi. Munthu akhoza kukhala pa 180 akulima bwinobwino mutu osapweteka. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankamwa mankhwala aliwonse.

NamalengaZA
Ine ndikufuna achinyamata asaganize kuti izi ndi za madala okha. Mng'ono wanga zinamuchitikira ali ndi zaka 27, wosasuta, wosamwa, woonda. Diso linazima ali pa ntchito mu saluni, kasitomala ali pampando tsitsi lili theka. Anakhala pansi, linabwerera, anamaliza kuluka. Mwamwayi mwini saluniyo anamukakamiza kupita kuchipatala. Atamumvera mtima anamva phokoso, sikani ya mtima inaonetsa kuti vavu imodzi inachepa, ndipo mtima unkagunda modumphadumpha. Anatifunsa ngati ali mwana ankadwala zilonda zapakhosi ndi kutupa mfundo. Amayi anakumbukira kuti ali sitandade 4 anakhala pafupifupi teremu yonse osayenda bwino, tinkati ndi nyamakazi ya ana. Pano amamwa warfarin, amabayitsa jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi, ndipo za mimba anamuuza kuti asayerekeze asanakambirane ndi adokotala chifukwa warfarin amawononga mwana m'mimba. Amadandaula ndi jakisoniyo, akuti amapweteka mpaka kutsimphina, koma ali moyo ndipo akuluka.

NesiWaKuLeeds
Zikomo Namalenga, nthenda ya mtima yoyamba ndi zilonda zapakhosiyi kwathu ndi yochuluka, kuno sitiionaona. Ndionjezere china cha achikulire. Pali nthenda yotupitsa mitsempha ya m'mbali mwa mutu, giant cell arteritis, imene imagwira anthu opitirira zaka 50. Imapezeka kwambiri mwa azungu a kumpoto kwa Ulaya kusiyana ndi ife, koma imafunika kufunsa chifukwa ikhoza kupha maso onse awiri m'masiku ochepa, pamene mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone akayambidwa msanga amateteza. Zizindikiro zake ndi litsipa latsopano, khungu la m'mutu kupweteka popesa kapena povala chipewa, ndi nsagwada kutopa kapena kupweteka potafuna. MwanaWaKuBawi, afunseni amayi ngati bambo akumasiyira panjira chimanga chootcha kapena nyama chifukwa cha nsagwada.

MwanaWaKuBawi
Ndafunsa, akuti chimanga akukukuta ngati kale. Koma vuto ndi lina tsopano. Ndawaimbira eni ake, akanitsitsa. Akuti tomato wawo afota, akuti iwo si mwana, akuti kuchipatala amapita odwala. Anamaliza n'kuti "iwe wayamba liti kundilamula" n'kupereka foni kwa amayi.

NdirandeBoy
Mngoni weniweni ameneyo kkkk.

MphunzitsiWopuma
Usalimbane nawo pa foni, udzaluza. Bambo sakonda kuoneka kuti akumvera mwana, makamaka pamaso pa akazi awo. Ali ndi mlongo wawo kapena mkulu wawo amene amamuopa? Kapena mkulu wa mpingo amene amacheza naye? Imbira ameneyo, umufotokozere bwinobwino, akawauze ndi iye. Komanso usawauze za imfa, madala imfa saiopa. Auze za kugona pa mkeka akazi awo n'kumawasambitsa. Chimenecho ndiye amachiopa. Za tomato upeze mnyamata wa ganyu athirire, umulipire ndi iwe.

MaiAwiriKawale
Ndipo ndalama ya mayendedwe utumize pa Mpamba kapena Airtel Money ya amayi, uwauze kuti wa njinga yamoto walipidwa kale sabweza. Madala kuwononga ndalama kumawawawa kuposa matenda.

GogoWaPaFoni
Ine ndikaimirira msanga kuchokera pa mpando maso onse amachita mdima, ndimagwira khoma kenako zimatha. Ndiye ndi zomwezi?

ClinicianWaBoma
Agogo, zanuzo zikumveka zina. Maso onse awiri, poimirira, timasekondi tochepa, ndi chizungulire: kawirikawiri ndi BP imene imatsika mukaimirira. Zimachitika ndi ukalamba, kuchepa magazi, kusamwa madzi okwanira, kapena mankhwala a BP akachuluka mphamvu. Mukapita ku kiliniki muwauze akuyezeni mutagona kenako mutaimirira. Musasiye mankhwala panokha. Ndipo poti tili pompa: mayi woyembekezera akaona mdima, nyenyezi kapena kusaona bwino limodzi ndi mutu ndi kutupa, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lomwelo ku mateniti, BP ya mimba imapha.

Optom_BT
Ndionjezere mbali yathu ya maso, kuti anthu asamve ngati tikuti diso lisapimidwe. Lipimidwe ndithu, koma mothira mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti tione kumbuyo, osati kungowerenga zilembo za pakhoma. Nthawi zina timakaona kachidutswako kali pa mphanda ya kamtsempha, kachikasu konyezimira. Timatchedwa ma Hollenhorst plaque, potengera dokotala wa maso wa ku Mayo Clinic ku America amene anatifotokoza mu 1961. Ukakaona kamodzi suiwala. Timaonanso mmene BP ndi shuga zawonongera mitsempha, ndipo timasiyanitsa ndi matenda ena. Mwachitsanzo retina ikamamatuka munthu amaonanso ngati katani, koma ameneyo sachoka, amangokulirakulira, ndipo amayamba ndi kung'anima ndi timadontho takuda toyandama. Zimenezo ndi za opaleshoni mwamsanga. Diso lofiira, lopweteka kwambiri, ndi kusanza, n'kutheka ndi glaucoma yadzidzidzi, nthenda yokwera mphamvu ya madzi a m'diso.

Ndipo kachidutswa kaja kakatseka mtsempha waukulu wa retina osasuntha, nthawi imakhala yochepa kwambiri. Poyesera pa anyani anapeza kuti retina imapirira pafupifupi ola limodzi ndi theka, pofika maola anayi yawonongekeratu. Ambiri amatipeza patapita masiku, ayamba ayesa mkaka wa m'mawere, madzi a mchere, ena mpaka shuga m'diso. Pamenepo ife timangoteteza diso linalo ndi kuwatumiza kwa anzathu oona za mtima ndi sitiroko. Kupima kotereku kumapezeka ku Lions Sight First ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu, ku Nkhoma, ndipo m'zipatala zambiri za maboma muli ma clinical officer a maso.

ChipsChaPaChigwiri
Mpaka chaka cha 1961 mwaloweza, inu munkakhoza m'kalasi eti.

Optom_BT
Linabwera pa mayeso, ndinalilakwa, ndiye silichokanso m'mutu.

MwanaWaKuBawi
Ndabwera ndi lipoti. Nzeru ya aphunzitsi inagwira. Ndinaimbira azakhali, alongo awo aakulu, anapita okha m'mamawa ndi ndodo yawo. Sindikudziwa anawauza chiyani koma bambo anavala jekete osayankha. Ine ndinawapeza ali kale pamzere. Ndinanena ndendende mmene munandiuzira adokotala, ndipo sanatichedwetse. BP inali 186/104. Shuga ali bwino. ECG akuti mtima ukugunda molongosoka koma ukuoneka kuti wakhala ukulimbana ndi BP kwa nthawi yaitali. Atawaika chomvera pakhosi kumanzere anati akumva kaphokoso. Awayambitsa asipulini, atorvastatin wotsitsa mafuta m'magazi ndi amlodipine wa BP, ndipo atilembera kalata yopita ku Kamuzu Central kukapanga sikani ya mitsempha ya m'khosi ndi kupima diso bwinobwino. Ndabwera nawo ku Lilongwe, ali pabalaza akudandaula za tomato. Fodya ndawabisira, mwina tikangana madzulo.

MaiBusaWaChilomoni
Ambuye alemekezeke. Azakhaliwo muwagulire chitenje.

ClinicianWaBoma
Mwachita bwino. Kalatayo musaigoneke, pitani nayo mawa, ndipo mukafika mukanene kuti zachitika kawiri sabata ino kuti asakupatseni tsiku lakutali. Kaphokoso ka pakhosi pakokha sikanena kuti mtsempha watsekeka bwanji, sikani ndi imene inene. BP isatsitsidwe mothamanga ndi mankhwala owonjezera a anthu ena, muzitsatira zimene alemba. Akaona chimbudzi chakuda ngati phula kapena akamva kupweteka kumtunda kwa mimba cha pamtima, abwerere, ndi asipulini ameneyo. Brufen ndi Indocid asiye, msana ukavuta amwe Panado. Za fodya, kubisa sikuthandiza nthawi yaitali, akagula wina pa kona. Apempheni a ku Central awauze okha pamaso panu.

WaJoni88
Chabwino, ndagonja. Koma malire a dimbalo muwaonebe kkkk.

DalaivaWaZalewa
Ndakhala ndikungowerenga osayankha. Ine ndimayendetsa minibasi, ndili ndi zaka 52, shuga anandipeza zaka zapitazo. Mwezi wathawu diso lakumanja linandizimira ndili pa siteji ndikudikira kudzaza. Linabwerera tisananyamuke ndipo ndinayenda ulendo wonse. Sindinauze munthu, ngakhale kunyumba. Poti papita mwezi osachitikanso, ndiye kuti ndapulumuka?

NesiWaKuLeeds
Achimwene, masiku oopsa kwambiri adutsa koma chimene chinachititsa chidakalipo, ndipo ndi shuga mitsempha imawonongeka msanga. Mukufunika zonse zimene apangidwa bambo aja, ndi kupima kumbuyo kwa diso poti shuga payekha amawononga retina. Pitani mawa. Ndipo kufikira atakupimani musagwire chiwongolero. Linakuzimirani muli pa siteji. Likanazima mukupitirira thiraki pa Lirangwe, muli ndi anthu 15 kumbuyo?

DalaivaWaZalewa
Anesi, kunena n'kosavuta. Ine ndikapanda kugwira tsiku limodzi galimoto apatsa wina, ndipo sabweza. Ana anayi, lendi, fizi.

Kabaza_Area25
Apa ndiye ndikumumvetsa mkuluyu. Ife tonse a pamsewu tilibe tchuthi cha odwala.

MaiAwiriKawale
Tikumvetsa, koma m'minibasimo mumakwera ana athu.

MphunzitsiWopuma
A Dalaiva, abwana anu muwauze kuti mukukayezetsa shuga, si bodza. Mupeze mnzanu wodalirika wa pa siteji agwirire masiku awiri, mugawane ya tsikulo. Mukafike kuchipatala m'mamawa musanadye, kuti akayeze shuga ndi mafuta nthawi imodzi.

ClinicianWaBoma
Ndipo mukatenge mankhwala anu a shuga m'thumba ndi kachakudya, mukamwe akamaliza kutenga magazi. Akakuthirani mankhwala okulitsa kamwana ka diso mudzaona mbuu kwa maola angapo, choncho tsiku limenelo kuyendetsa n'kosatheka ngakhale mutafuna. Za masiku otsatira akakuuzani amene akakupimeniwo, mukawauze ntchito imene mumagwira.

DalaivaWaZalewa
Ndalankhula ndi mphwanga wina ali ndi laisensi, agwira mawa ndi mkuja. Abwana avomera koma akuti tageti isatsike. Kiliniki ya shuga kwathu kuno imakhala Lachinayi, ndiye ndidikire Lachinayi kapena ndingopita ku OPD?

ClinicianWaBoma
OPD, mawa. Muyambe ndi nkhani ya diso, ya shuga ibwere pambuyo.